Zoyandamitsa ndege ya rimoti: foam, mabotolo, paipi kapena matabwa?

Chilichonse chopepuka chimayandama. Mutamangirira tizigubu tiwiri kunsi kwa ndege yanu ya rimoti n'kuiika pa damu, ikhala pamwamba pa madzi bwinobwino. Mavuto amayamba mukatsegula mota: ndege ija imangolima madzi, pulopela ikumwaza thovu, n'kumathamanga uku ndi uku osadzuka, mpaka batire kuthera pakati pa damu. Choncho poyerekeza zipangizo zimene munthu wa mu Lilongwe angapangire zoyandamitsa, funso loti "kodi chiyandama?" ndi laling'ono. Aakulu ndi awiri awa: chikulemera bwanji, ndipo kodi chingasemedwe moti madzi achitaye nthawi yonyamuka ikakwana?

Kulemera kumatipweteka kwambiri ife a kumtunda kuno. Lilongwe ali pa mamita pafupifupi 1,050 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa pamalo okwera chotere ndi wopepuka ndi magawo 10 pa 100 alionse. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kupereweraku kumafika cha m'ma 15. Mapiko amanyamula pang'ono, pulopela imagwira mpweya wochepa, ndege imafuna liwiro lalikulu kuti idzuke, chonsecho madzi akuikoka. Magalamu 100 amene mnzanu wa kudziko lozizira la m'mbali mwa nyanja yamchere sawawerengera n'komwe, kwa inu akhoza kukhala amene akuikanikitsa ndege kunyamuka. Oulutsa ndege zamagetsi ambiri amafuna mawati 200 kapena kuposerapo pa kilogalamu iliyonse ya ndege ya pamadzi. Kuno musatsike pamenepo.

Miyeso ndi imodzi, kaya mwasankha chiyani

Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo choyandamitsa chimanyamula kulemera kofanana ndi madzi amene chawakankhira pambali. Masamu onse agona pamenepo. Ikani ndege pa sikelo, batire lili momwemo. Tiyerekeze kuti yalemera makilogalamu 1.2, mapiko ake ndi masentimita 120 nsonga ndi nsonga, thupi lake ndi masentimita 90 kuchokera pa pulopela kufika pa chiwongolero cha kumchira. Zoyandamitsa pamodzi ndi miyendo yake ziwonjezera magalamu 200 kapena 250, ndiye tizinena kuti yonse ndi 1.45. Malamulo a ndege zenizeni ku America amafuna kuti zoyandamitsa zinyamule ndege n'kutsalanso ndi mphamvu ina ya magawo 80 pa 100, ndipo opanga tindege amatsata zomwezo, ena n'kungochulukitsa kawiri. Mukachulukitsa 1.45 ndi 1.8 mupeza malita 2.6. Chilichonse mwa ziwirizo chikhale cha malita 1.3, ndipo mukachifikitsa pa 1.5 simunalakwe. Mukaumira, kamphepo kakangowomba cham'mbali choyandamitsa chimodzi chimamira, phiko n'kukhudza madzi.

Kutalika kwake kukhale magawo 75 mpaka 80 pa 100 a thupi la ndege, apa ndiye masentimita 68 mpaka 72. Mphuno zake zitulukire kutsogolo kwa pulopela ndi masentimita angapo, apo ayi ndege imagwada chamutu mukangotsegula mota. Kuchokera pakati pa china kufika pakati pa chinzake pakhale kota ya kutalika kwa mapiko, masentimita 30. Nsonga ya pulopela ikhale masentimita osachepera 5 pamwamba pa madzi. Madzi amadya nsonga za pulopela, makamaka yamatabwa.

Koma chachikulu pa zonse ndi sitepe. Tengani sipuni, muigwire molendewera kunsonga kwa chogwirira, n'kukhudzitsa kumsana kwake pa madzi otuluka pa mpopi. Muona kuti madziwo saikankha, amaikokera mkati. Ndi zimene zimachitika kunsi kwa choyandamitsa chozungulira: liwiro likamakwera, madzi amatsata kupindika kwake n'kumachikokera pansi. Sitepe ndi podukira mwadzidzidzi kumimba kwa choyandamitsa, pomwe mbali ya kutsogolo imathera, ya kumbuyo n'kuyambira chapamwamba ndi sentimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Madzi akafika pamenepo amalephera kukhota, amaduka, mpweya n'kulowa. Theka lonse la kumbuyo limachoka m'madzi, ndege n'kutsala ikutsetsereka pa kamalo kochepa kutsogolo kwa sitepeyo, liwiro n'kukwera msanga. Ndege zikuluzikulu za kampani ya ku Britain ya BOAC zamtundu wa Short Solent, zimene zinkatera panyanja ku Cape Maclear mu 1949 ndi 1950 pa ulendo wa pakati pa Southampton ndi Johannesburg, zinali ndi sitepe kumimba pa chifukwa chomwechi.

Sitepe imakhala pansi pa CG, malo aja ndege imakhazikika mukainyamula ndi zala ziwiri kunsi kwa mapiko, kapena sentimita imodzi mpaka awiri kumbuyo kwake. Mkombero wake ukhale wakuthwa, ndipo m'mbali mwa mimba yonse mukhalenso mwakuthwa. Kuchokera pa sitepe kupita kumchira, mimba ikwere ndi madigiri 5 mpaka 7 kuti ndege ithe kutukula mphuno michira ya zoyandamitsa isanagunde madzi. Chipangizo chimene sichikulolani kupanga zimenezi chalephera mayeso chisanafike n'komwe pa damu.

Foam yoyera ya m'makatoni

Iyi ndi ija ya timibulu, polystyrene yofufumitsa, imene imabwera itakuta mafiriji ndi ma TV. M'mashopu a katundu wamagetsi ku Old Town zimenezi ndi zinyalala. Mukafika mwaulemu n'kufunsa anyamata otsitsa katundu kuti, "Achimwene, zoyera za m'makatoni zija mumataya kuti?" mubwerako ndi thumba lodzaza, mwina mutangosiya kangachepe. Lita imodzi imalemera magalamu 15 mpaka 30, kutanthauza kuti choyandamitsa cha malita 1.5 chisanakutidwe sichifika n'komwe magalamu 50.  Chinanso, mkati mwake mulibe mphako yoti madzi adzazemo: chikagunda chitsa n'kubooka, chimayandamabe.

Vuto ndi lakuti zidutswa za m'makatoni zimabwera zokhotakhota, zamaenjemaenje, ndipo chotalika masentimita 70 chimasowa. Funani zazitali za m'makona mwa firiji. Dinani ndi chala: imene ikuyoyoka timibulu isiyeni, tengani yothina. Mukapanda kupeza yaitali lumikizani ziwiri, ndipo malo abwino olumikizira ndi pa sitepe pomwepo, bola msana, kamzere ka thabwa kolimbitsa foam, udutse pamwamba pake. Mahadiweya ena amagulitsa yamashiti ya omanga nyumba. Iyo mumangoisanjikiza mpaka itafika pa kukhuthala kumene mukufuna.

Yambani ndi chibuluma cha masentimita 70 m'litali, 7 m'lifupi, 6 kukwera. Mukachisema mphuno ndi mchira chimatsala ndi pafupifupi malita 1.5 aja. Jambulani maonekedwe a m'mbali pa katoni yolimba kawiri, mudule, mubaye mbali iyi ndi iyo ndi timisomali, kenako mudule foam motsata makatoniwo. Chodulira chabwino ndi waya wotentha: waya wa nichrome wa mu hot plate yakale kapena m'choumitsira tsitsi, wokungidwa pa uta wamatabwa, wolumikizidwa ku batire la galimoto la mavoti 12. Yambani ndi waya wautali, muzisendeza chopanira pang'onopang'ono mpaka utenthe mongokwanira kudula. Ukafiira ndiye kuti mwapyoza, ukumba mzere waukulu. Duliranini panja, utsi wake si wabwino. Wopanda waya adule ndi sowo ya zitsulo, n'kusalaza ndi sandipepala yomata pa thabwa lowongoka. Sandipepala ya m'manja chabe imazunguliza makona, ndipo makona ndi amene tikuwafuna.

Foam sigwira sikuluwu. Semani ngalande pamwamba, m'litali monse, mumatemo kamzere ka plywood ya mamilimita 3, kotambalala masentimita awiri kapena atatu. Malula amatabwa a ana asukulu, awiri osanjikizana nsonga, amagwiranso ntchitoyi; nsungwi yosema bwino chimodzimodzi. Pamene padzakhale miyendo muonjezerepo kathabwa kokhuthala koti sikuluwu ilume. Pankhope pa sitepe matanipo kachidutswa ka plywood yopyapyala kuti mkombero usamabunthe mukakoka ndege pamchenga.

Pa guluu ndi pamene ambiri amalira. Guluu wa nsapato, super glue wamba, penti wopopera wa m'chitini, thinner, petulo, ndi resin ya polyester imene okonza mabodi a galimoto amagwiritsa ntchito, zonsezi zimasungunula polystyrene mukuona. Epoxy wa machubu awiri saiwononga. Guluu woyera wa matabwa saiwononganso, koma pakati pa foam ziwiri amachedwa kuuma chifukwa mpweya sufikamo, ndipo akanyowa amafewa. Chilichonse chatsopano muyambe mwachiyesa pa kachidutswa kotaya.

Yosakuta imakandika ndiponso imamwa madzi pang'ono pakati pa timibulu, ndiye ikutidwe. Njira zilipo zitatu, ndipo sizifanana mtengo. Selotepi yaikulu yomangira makatoni ndi yachangu ndiponso yopepuka. Muyambire kumchira kupita kumphuno, kuti mzere uliwonse uvindikire unzake motsata madzi. Koma dzuwa ndi madzi zimaimatula, ndiye muzikhala mukukonza. Njira yachiwiri ndi mapepala akaki aja timakutira mabuku a ana: muwadule timizere, muwanyowetse mu guluu wa matabwa wosungunula ndi madzi pang'ono, n'kumata. Akamauma amakoka, n'kusanduka chikhungwa cholimba. Mukute pamwamba ndi pansi tsiku limodzi, chifukwa mukakuta mbali imodzi yokha choyandamitsa chimapindika. Zikauma gwa, pakani vanishi kawiri kapena katatu, woyambayo akhale wosungunulira ndi madzi kuti asadye foam pomwe pepala lasiya kampata. Yachitatu ndi nsalu yopyapyala ya fibreglass, ya magalamu 25 mpaka 50 pa sikweyamita, yomatira ndi epoxy. Imeneyi ndiye mfumu, koma ndi yoitanitsa kunja. Fibreglass yokhuthala ya okonza magalimoto ndi maboti musaiyese. Ndi yolemera, ndipo resin yake ndi ija yodya foam. Kwa woyamba, ine ndinganene mapepala akaki: ndalama zake n'zochepa, ndipo amasunga makona akuthwa kuposa selotepi.

Ilipo foam ina yopanda timibulu, XPS, imene imabwera m'mabodi abuluu, apinki kapena achikasu otchingira kutentha m'nyumba. Imalemera magalamu 30 mpaka 40 pa lita, ndiye choyandamitsa chilichonse chimaonjezera magalamu 20 kapena kuposerapo. Koma imasemeka mosalala, mkombero umatuluka wakuthwa, ndipo simwa madzi. Mukapeza zotsala pamalo omanga, tengani osaganiza kawiri. Kapangidwe kake ndi guluu wake n'chimodzimodzi ndi yoyera ija.

Mabotolo

Awa ndi amene amakopa aliyense, ndipo papepala masamu ake amakoma. Mabotolo atatu a theka la lita, olumikizana mondondozana, ndi malita 1.5 enieni, ndipo kutalika kwake kumafika pa masentimita 60 ndi kuposerapo. Ali paliponse, sabooka msanga, salowa madzi. Palinso kanzeru kowalimbitsa: muwaike mufiriji osatseka, muwatseke ali ozizira, akatenthedwa panja mpweya wa mkati umafufuma, botolo n'kukhala gwa.

Koma botolo ndi lozungulira ponseponse, lili ndi chiuno ndi khosi, lilibe sitepe. Madzi amalikakamira, amakwera m'mbali n'kukathira pulopela. Pulasitiki yake simvana ndi guluu wambiri, ndipo kudalira zomata pamalo olumikizira n'kuwerengera madzi a mphutsi: mafunde akangogunda, cholumikizira chimagwedera, mphuno n'kuloza kwina. Botolo limodzi la malita awiri lili ndi mphamvu yokwanira yonyamula, koma ndi lalifupi kwambiri, ndege imagudubuka chamutu. Ena amawapulumutsa powamangira msana wa nsungwi pamwamba ndi mimba yafulati ya pulasitiki pansi, yokhala ndi sitepe. Zimatheka. Koma mukadzafika pamenepo mwaononga nthawi yoposa ya wosema foam, ndipo chotulukacho n'cholemera kuposa chake.

Mabotolo ali ndi malo ake. Kandege kopepuka kwambiri ka mota yamphamvu kamadzizula m'madzi ndi nyonga chabe. Mungathenso kuiponya ndege ndi dzanja n'kudzangotera pamadzi. Ndipo pa drone ya mapulopela anayi, imene imadzuka choongoka, sitepe ilibe ntchito. Kumeneko mabotolo ndi abwino kuposa zonse.

Paipi ya PVC sitichedwa nayo. Ya mamilimita 50, yodula masentimita 68, imakankha madzi okwana malita 1.3, koma yokha imalemera magalamu pafupifupi 270 musanaike zotsekera. Ziwiri ndi theka la kilogalamu ndi kuposa, pa ndege ya makilogalamu 1.2. Ndi yozunguliranso. Isiyireni a mipope.

Pulasitiki ya zikwangwani, ija ya timizere ta mphako mkati imene osindikiza amati correx, ndi nkhani ina. Imapindika kukhala bokosi la mimba yafulati ndi sitepe yakuthwa, ndipo simva miyala. Choyandamitsa chimodzi chimafika cha m'ma magalamu 100, ndiye n'cholemererapo. Timizere take timadzaza madzi mukapanda kutseka kunsonga, ndipo guluu saigwira bwino pokhapokha mutaikanda kaye. Ine ndimaiona yabwino ngati nsapato: kachidutswa kamodzi pansi pa foam, kuchokera kumphuno kufika pa sitepe, ngati gombe la damu lanu ndi la miyala.

Matabwa

Njira yakale ya akatswiri ndi bokosi la mphako la balsa ndi plywood yopyapyala, lokhala ndi zipupa mkati. Limatuluka lokongola, makona ake akuthwa, ndipo lopangidwa bwino limakhala zaka. Koma balsa ndi mtengo wa ku America wa kum'mwera ndi wa pakati, wambiri umachokera ku Ecuador, ndipo kuno ndi woitanitsa, pa nthawi imene ndalama zakunja zikuvuta. Mukati mulowetse plywood ya mamilimita 3 ya muhadiweya, choyandamitsa cha msinkhu wathu uja chifika magalamu pafupifupi 300. Plywood yotere imayamba kukhala ya nzeru pa ndege zazikulu za makilogalamu atatu kupita m'tsogolo, chifukwa bokosi likamakula, malita a mkati amachuluka msanga kuposa khungu lake.

Chowopsa cha chilichonse cha mphako ndi mng'alu wosaoneka. Madzi amalowa pang'onopang'ono, ndege n'kunyamuka nawo. Ikatukula mphuno madziwo amathamangira kumchira, CG n'kusuntha ili m'mwamba, ndipo ndege yolemera kumchira simvera rimoti. Ngati mwasankha matabwa, gawani mkati m'zipinda zosalumikizana, siyani kabowo kotsekeka kokhuthulira, ndipo musanauluke muzichigwedeza pafupi ndi khutu.

Wina afunsa za chiwale, chija amisiri amapangira mipando ndi mashelefu. Mkati mwake ndi mopepuka ndipo mumasemeka, koma mumamwa madzi, ndipo kupeza chotambalala masentimita 7 n'kovuta. Khungu lake lolimba likhoza kukhala msana wa foam. Kupitirira apo, ayi.

Makina osindikiza a 3D akutchulidwa kwambiri masiku ano, makamaka chitsegulireni African Drone and Data Academy mu Lilongwe mu 2020, imene yaphunzitsa achinyamata kupanga ndi kuulutsa ma drone. Makinawa amatulutsa maonekedwe enieni amene mwajambula pa kompyuta, ziwiri zofanana ndendende, zomwe dzanja silingathe. Koma pulasitiki ya PLA, imene makinawa amagwiritsa ntchito, ndi yolemera kuposa madzi, magalamu 1.24 pa mililita, ndipo ngakhale khoma la theka la milimita limafikitsa choyandamitsa pa magalamu 100 ndi kuposa. Makina ambiri ndi aang'ono, ndiye chimatuluka m'zidutswa zitatu kapena zinayi zomata, ndipo madzi amadutsa pakati pa mizere yosindikiza mukapanda kupaka epoxy. PLA imafewa kutentha kukafika cha m'ma madigiri 60, ndipo m'galimoto yotseka yoima padzuwa ku Salima mukhoza kufika pamenepo. Onjezerani magetsi ozima chidutswa chili pakati. Kumene makinawa amathandizadi ndi pa tizipangizo ting'onoting'ono: zogwirira miyendo ndi mahinjesi a chiwongolero cha m'madzi.

Mimba yafulati kapena ya V, ziwiri kapena chimodzi

Mimba yafulati imakwera pamwamba pa madzi msanga ndipo imafuna mphamvu zochepa, koma pa mafunde imamenya ndi kudumphadumpha. Ya V imang'amba mafunde, imayenda mowongoka, imatera mofewa, koma imafuna mota yamphamvu. Pa madamu a kuno kumtunda, kumene madzi ndi abata ndipo mpweya ndi wopepuka, yafulati ndiyo yoyenera, ndipo ndi yosavuta kusema. Ngati maso anu ali pa Senga Bay, ikani V yosazama kutsogolo kwa sitepe. Kunyanja mpweya ndi wokhuthalirapo chifukwa ndi kotsika, mamita osafika 500, koma nyengo ya mwera, kuyambira cha m'Meyi mpaka Ogasiti, mafunde ake si a tindege. M'bandakucha ndi pamene pamakhala mpata.

Choyandamitsa chimodzi chachikulu pakati, ndi tiwiri tating'ono kunsonga za mapiko, chimachepetsa kulemera ndi kukoka kwa mphepo. Koma chimafuna kuboola mapiko ndi kusamala pokhota pamadzi. Pa ndege ya mapiko apamwamba imene inali ndi matayala, ziwiri ndi zosavuta: miyendo ya kutsogolo imalowa pamene panali matayala, inu n'kungoonjezera kathabwa mkati mwa thupi kogwirira ya kumbuyo.

Miyendo isagwedere ngakhale pang'ono. Pa kandege kosapitirira theka la kilogalamu masipoko a njinga amakwana. Pa ya makilogalamu 1.2 pitani kwa opanga mawindo a aluminiyamu mukapemphe zotsala zafulati, muzipinde pa vayisi. Zoyandamitsa zilumikizanenso zokha ndi timitanda tiwiri topingasa, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo pakati pa miyendo mukunge twaini ya mbedza mopingasa kuti zisapendekere kutsogolo kapena kumbuyo. Poziika, phiko likhale lotukuka kutsogolo ndi madigiri awiri kapena atatu poyerekeza ndi msana wa zoyandamitsa, ndiye kuti mwendo wa kutsogolo utalikirepo pang'ono. Ziwirizo ziloze kumodzi. Yezani mpata wa kumphuno ndi wa kumchira, ufanane.

Mukamaliza, yezaninso CG, chifukwa yasuntha. Sunthani batire mpaka ibwerere pamalo ake akale. Zoyandamitsa zimaonjezera mbali yogundidwa ndi mphepo kutsogolo, ndiye ndege ina imayamba kugwedeza mchira m'mwamba. Mankhwala ake ndi kachipsepse kena kunsi kwa mchira. Pamadzi, ndege imangofuna kuloza kumene mphepo ikuchokera, ndipo pa liwiro lochepa chiwongolero cha m'mwamba sichikwanitsa kuikhotetsa. Kachiwongolero ka m'madzi, kodula pa chivindikiro cha chitini cha majarini, komangirira ku waya wotsika kuchokera pa chiwongolero cha kumchira, kamathetsa vutoli. Kangomira masentimita awiri basi. Kakazama kamakoka ndege ponyamuka. Receiver, kabokosi kolandira malamulo a rimoti, ilowe mu baluni, mumange pakhosi pomwe mawaya atulukira. ESC, imene imaongolera liwiro la mota, musaikute chifukwa imafuna mpweya wozizira, ingoikani pamalo okwera m'thupi la ndege. Mota ya brushless ikanyowa m'madzi opanda mchere siifa, koma muiumitse ndi kudonthezera oilo m'mabering'i. Ndege ikagwera m'madzi, choyamba ndi kuzula batire.

Koyesera

Musanapite kutali, kapinga wonyowa ndi mame m'mawa amaonetsa ngati miyendo ili yolimba ndiponso ngati ndege ikuyenda mowongoka. Za madzi, Kamuzu Dam ku Malingunde ndi kumene Lilongwe Water Board imasunga madzi akumwa a mzinda uno, ndiye si pongofika n'kuponya ndege. Pemphani chilolezo, ndipo ndege ya injini ya mafuta musapite nayo kumeneko. Madamu a m'maesiteti ndi a m'midzi ali ndi eni ake, kaya ndi mwini munda kaya ndi amfumu, ndipo kuyamba mwawaonekera kumakupezetsaninso munthu wodziwa ngati muli ng'ona. Mbali ya ku Lumbadzi, kufupi ndi bwalo la ndege la Kamuzu International, italikireni, ndipo malamulo a oyang'anira za ndege okhudza ma drone muwafunse musanayambe, kuti mudziwe ngati akukhudzanso ndege ya rimoti.

Imani mbali imene ndege yozima mota idzakankhidwire ndi mphepo, kuti ibwere yokha. Mutenge ndodo ya mbedza yokhala ndi mpira wa tenisi kunsonga ya twaini, woponya kupyola ndege n'kuikoka. Kunyanja gwirizanani ndi msodzi wa bwato musanauluke, ndipo muone kumene atchera maukonde. Kusambira kutsatira ndege ayi: imathawa ndi mphepo msanga kuposa mmene munthu amasambirira, ndipo madzi odikha a m'madamu ndi kwawo kwa likodzo.

Ulendo woyamba, iyendetseni pamadzi kaye osanyamuka, ikuuzani chimene chalakwika. Madzi ali phee ndi ovuta kuposa a timafunde, chifukwa amakakamira kwambiri, choncho sankhani nthawi ya kamphepo kayaziyazi ndipo mulozetse mphuno kumene kakuchokera. Tsegulani mota pang'onopang'ono mutakokera kumbuyo kandodo ka pa rimoti kotukulira mphuno. Ikakwera pa sitepe, kabwezeni pakati kuti liwiro likwere. Ikamathamanga bwino koma osadzuka, phiko silinatukuke mokwanira: ikani mawashala pakati pa thupi ndi mwendo wa kutsogolo. Ikamadumpha msanga isanapeze liwiro n'kugwanso, mwatukula mopyoza, chotsani mawashala ena. Ikamagwedeza mutu mmwamba ndi pansi ikuthamanga, onani sitepe ndi CG ngati zili pamalo ake. Ikamakhotera mbali imodzi nthawi zonse, zoyandamitsa sizikuloza kumodzi kapena chimodzi chamwa madzi. Pulopela ikamamenya madzi odumpha kuchokera kumphuno, matani timizere ta pulasitiki totulukira theka la sentimita m'mbali mwa mkati mwa zoyandamitsa zonse ziwiri, kuchokera kumphuno mpaka kupyola pulopela, kuti madziwo azigwera pansi.